Ola la Odalys pa Nsanja

Reinier anali pakati pofotokoza za galimoto inanso yophulika pamene dzanja la Odalys linachitanso dzanzi. Anasiya tsamba la fodya pa thabwa, dzanjalo n'kulibisa pansi pa tebulo, n'kumalisisita kuti kapitawo asaone.

"Ndiye mkulu uja, abale anga, wadumpha pa mlatho!" Reinier ankakuwa ali pa nsanja, maikolofoni ataikumbatira ngati akufuna kuidya. "Kumbuyo moto, kutsogolo apolisi, koma tsitsi lake osasokonekera ndi pang'ono pomwe. Filimu ya chaka chino imeneyi, osati zachikale zija. Ine mtima unangoti myuu!"

"Nanga nkhani yake ikuti chiyani?" anafunsa wina kumbuyo.

"Nkhani yanjinso, aise? Si ndanena kuti galimoto zaphulika?"

Holo yonse inaseka, ndipo mipeni ingapo inagogoda pa matabwa, koma mwaulesi.

M'fakitale ya ndudu ija, ku Pinar del Río, anthu saomba m'manja, pakuti manja amakhala ali pa fodya. Akakondwa ndi wowerenga wawo, amamenya thabwa ndi mpeni wodulira masamba. Wowerengayo amakhala pa nsanja kuwawerengera iwo akugwira ntchito, m'mawa nyuzipepala, masana buku. Koma Lolemba amayamba ndi filimu yomwe waonera kumapeto kwa sabata, n'kunena mmene yamukhudzira. Tsopano mpandowo unalibe munthu, popeza mwini wake wakale mawu anamuthera ndipo anapuma ntchito. Oufuna anali awiri, Reinier ndi Odalys. Komiti inapatsa aliyense ola lake. Amene mipeni imulirire kwambiri, mpando ndi wake.

Reinier ankaufuna chifukwa ankakonda kumva mawu ake. Odalys ankaufuna chifukwa cha dzanja. Dokotala anali atamuuza mosapsatira kuti zopichira ndudu asiye, apo ayi dzanjalo lifa. Akalephera pa nsanja, kotsala kunali kuchipinda chakumbuyo kochotsa mitsempha ya masamba, kumene malipiro ndi ochepa ndipo aluso onse amakuona ngati kotayako anthu.

"Masula nkhope, mwana iwe," anatero Mayi Migdalia a pa tebulo loyandikana nalo, osadzutsa n'komwe mutu wawo wa tsitsi lonika lofiira. "Ukakwera pamenepo ndi tsinya limenelo, anthu ayesa wabwera kudzatimanga."

"Nkhope yanga isiyeni, mayi. Inu samalani masamba anu okongolawo."

Awiriwa sankamwerana khofi. Pamsonkhano wina Odalys anaimirira n'kunena poyera kuti masamba osalala onse amagwera pa tebulo la Mayi Migdalia chifukwa wogawa masambayo ndi mlamu wawo. Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake sanamukhululukire.

Bambo Evelio, wapampando wa komiti, anakodola Odalys. Iye anakwera masitepe, n'kuima osakhala pa mpando. Sukulu sanapite nayo patali, koma mabuku a m'laibulale ya fakitale anawamaliza onse, ena n'kuwabwereza, ndipo sankaopa munthu.

"Ine sindinaonere zophulika," anayamba. "Ndinaonera filimu yakale ija, yopanda mitundu, imene anaionetsa pa tivi dzulo masana. Ya Casilda, wantchito wa m'nyumba."

"Eee, imeneyo!" amayi angapo anavomerezana. Pafupifupi aliyense anali ataionera.

"Ndipo yandikwiyitsa. Mpaka pano chakudya sichikutsika. Tamverani. Mtsikana walowa m'nyumba ya eni munda wa nzimbe ali mwana. Wachapa, wasita, walera ana a dona, wake osabereka. Tsiku lina ndolo imodzi ya dona yasowa. Afufuza? Ayi. Amufunsa? Ayi. Angomutulutsa pa mvula ngati galu, kathumba m'manja. Pamenepo ndinati chabwino, filimu iyi ikunena zoona, zotere zinkachitikadi."

Mipeni ina inagogoda. Odalys anapitiriza.

"Zaka zapita. Dona wakalamba, wadwala, ana ake athawira kunja, palibe womutembenuza pa bedi. Akumbukira ndani? Casilda. Ndipo Casilda wanuyo, m'malo mowauza kuti apite akafunse ndolo ija iwasambitse, wanyamuka, wavala epuloni, watunga madzi m'beseni, wagwada pansi pa mapazi a munthu amene anamutcha wakuba. Nyimbo n'kukwera, zeze kulira, kuti ife tigwetse misozi. Basi, filimu yatha. Ine ndikufunsa: tilire chiyani? Amene anapanga filimu imeneyi ankafuna kutiphunzitsa kuti wosauka wabwino ndi amene amagwada. Ankafuna kuti tizipita kwathu tikunena kuti, 'Koma Casilda, mtima wake!' Mtima wachiyani? Anamubera moyo wonse, kenaka n'kumuberanso mkwiyo wake!"

Mipeni inalira, koma mbali imodzi yokha. Odalys anaona kuti ena akhala duu, akuyang'anana, ena akubisa pakamwa ndi dzanja. Kenaka kunamveka chiseko chimene ankachidziwa bwino, chokwera ngati cha nkhanga.

"Mukuseka chiyani, Mayi Migdalia? Ngati muli ndi mawu, nenani."

"Ndingofunsako, mwana wanga," anatero mayiwo akupukuta misozi ya chiseko. "Kwanu kuja, kutsidya kwa njanji, magetsi anazima nthawi yanji dzulo?"

Odalys anakumbukira za dzulo lija. Magetsi anazimadi. Anazima Casilda atangogwada, nyimbo ili pamwamba penipeni. Odalys anadzuka pa mpando akutukwana, ali wotsimikiza kuti chotsala ndi mayina a osewera okha. Anebanso anatuluka m'nyumba zawo akupukusa mitu, onse akunena kuti yatha moipa. Palibe anaganiza zofunsa.

"Inali itatha," anatero, koma mawu ake anali ataonda.

"Inali itatha kwanu!" anakuwa bambo wina. "Kwathu inapitirira!"

Holo inasanduka msika. Okhala kutsidya kwa njanji ankalumbira kuti filimu inathera pa beseni. Okhala pafupi ndi chipatala, amene magetsi awo sazimazima chifukwa ali pa waya umodzi ndi odwala, ankangoseka.

"Inu a pa waya wa chipatala mumaona zonse!" anakalipa mayi wina. "Ife ngakhale mpira timauonera theka!"

"Samukani, achemwali, kapena mudwale!"

Reinier anali atatsamira khoma, mano onse panja. "Yangayo bola ndinaimaliza," anatero.

Odalys anayang'ana pansi. Akanatha kuseka nawo, n'kutsegula nyuzipepala, n'kupulumutsa nthawi yotsalayo, pakuti kuwerenga ankamposa Reinier kutalitali. Koma theka la holo linali litamenya mipeni pa mlandu umene iye anauweruza asanamve mbali yomaliza. Chimenecho chinamunyansa kuposa chiseko.

"Mayi Migdalia," anatero pa maikolofoni, "bwerani mutiuze mmene inathera. Anthu awa sanaone, inenso sindinaone."

"Ine? Pamenepo?"

"Si mumayankhula tsiku lonse popanda wokupemphani? Lero ndakupemphani."

Mayi Migdalia anapukuta manja pa epuloni, anakonza tsitsi lawo, n'kukwera masitepe ngati nsanjayo anawamangira iwo. Odalys anawapatsa maikolofoni n'kuima pambali.

"Wagwada, eti?" anayamba mayiwo. "Chabwino. Beseni lili apa. Dona ali gone, maso tseke, akubuula. Casilda akuti ayambe wawapukuta thukuta pa khosi. Wakweza tsitsi la dona mbali iyi: ndolo. Wakweza mbali inayi..."

Anaima. Anayang'ana holo yonse, mzere ndi mzere. Palibe dzanja limene linali pa fodya.

"Ndolo inanso. Zonse ziwiri zili m'makutu, abale anga. Ija anaipeza kalekale, mwina tsiku lomwelo, koma sanatume munthu kukamuuza. Ndipo Casilda sanakuwe, sanalire. Anangoti, 'Zikukhalani bwino, dona.' Anavula epuloni, anaipinda bwinobwino ngati mmene anamuphunzitsira, n'kuiika pa mpando. Madzi aja anawathira m'maluwa a pa windo. N'kutuluka, chitseko osatseka."

"Mayo ine!" anatero mayi amene ankadandaula za mpira uja.

"Sindinathe. Wafika pamsewu, dzuwa lili phwee. Pali munthu wogulitsa mtedza wokazinga. Casilda wagula kaphukusi kamodzi. Ine pamenepo ndi pamene ndinalira, osati pa zeze paja. Chifukwa anadya yekha. Mtedza wonse, mmodzimmodzi, akuyenda pakati pa msewu, osasungirako mwana wa munthu aliyense. Inu amayi muli muno, ndiuzeni tsiku limene munagula kanthu n'kudya nokha, osaganiza kuti uyu ndimusiyireko. Ine filimu imeneyi ndinaionera koyamba ndili kamtsikana, ndipo ndinkayesa Casilda ndi womana. Dzulo ndinadzutsa amuna anga pa mpando, ndati, 'Vala nsapato ukandigulire mtedza, ndipo usayembekezere kulawa.'"

Mipeni inagwa pa matabwa ngati mvula ya matalala pa malata. Inalira kutsogolo ndi kumbuyo, a kunjanji ndi a kuchipatala omwe, mpaka fumbi la fodya linakwera m'mwamba. Kapitawo anasuzumira pa chitseko kuti aone ngati kwabuka ndewu. Chiyambireni ntchito m'fakitalemo, Odalys anali asanamvepo mipeni ikulira choncho.

Phokoso litazizira, Bambo Evelio anaimirira, n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma. Anali munthu wokonda malamulo kuposa chakudya.

"Anzanga," anatero, "tinagwirizana kuti aliyense ali ndi ola lake, ndipo mipeni yolira mu ola limenelo ndi yake. Ola lino ndi la Odalys, silinathe. Mayi Migdalia sanapikisane nawo. Choncho, malinga ndi pangano lathu, mpando ndi wa Odalys."

"Chinyengo chimenecho!" anakuwa Reinier. "Wachita kubwereka pakamwa!"

"Khala chete iwe, ukaphulike kunja!" wina anamuyankha.

Anthu ambiri anagwedeza mitu movomereza. Ena ankadziwa za dzanja lija ngakhale Odalys ankalibisa, ndipo ankafuna kuti nkhani ithere pomwepo. Panalibe chofunika kuchita. Akanangokhala pa mpando umene unali kumbuyo kwake, wa khushoni, basi.

Odalys anauyang'ana mpandowo. Zala zake za kumanja zinali zisanabwererebe, zinkangonyerenyetsa ngati muli nyerere. Anaganiza za chipinda chakumbuyo, za mayi ake amene akanafunsa chifukwa chake mpunga ukutha mwezi usanathe. Kenaka anaganiza za Lolemba lililonse likubweralo, iye ali pa nsanja, anthu onsewa akudziwa, iyenso akudziwa.

Anatenganso maikolofoni.

"Bambo Evelio, wotchi ija ilibe makutu, koma inu muli nawo. Mipeni ija sinalirire ine. Yanga inalira theka, ndiponso inalira pa bodza. Pamsonkhano ndinanena kuti chinthu chizipita kwa woyenera, osati kwa amene wakhala pafupi ndi wogawa. Sindingasinthe lero chifukwa choti wakhala pafupiyo ndine. Afunseni anthu za Mayi Migdalia."

"Odalys, taganiza kaye," anatero Bambo Evelio motsitsa mawu.

"Ndaganiza. Afunseni."

Bambo Evelio anapumira m'mwamba, n'kutembenukira ku holo. Sanamalize n'komwe funso lawo, mipeni inayankha.

Mayi Migdalia sanachite zokanakana. Anakhala pa mpandowo nthawi yomweyo, n'kuyesa ngati khushoni ndi yofewa. Koma Odalys akutembenuka kuti atsike, anamugwira mkono, maikolofoni ataitseka ndi chikhatho.

"Ndiwe wopusa, ukudziwa?" ananong'ona. "Ndikanakhala ine, ndikanangokhala chete."

"Ndikudziwa, mayi."

"Ndipo usayese kuti za masamba zija ndaiwala."

"Inenso sindinaiwale."

Anatsika masitepe, anafika pa tebulo lake, n'kukulunga mpeni wake m'kansalu. Ndudu imene anaisiya pakati anaipereka kwa mnzake wa kutsogolo kuti aimalize. Kenaka anapita pamene anaima Bambo Evelio.

"Kuchipinda chakumbuyo ndikaonane ndi ndani?" anafunsa.

Bambowo anavula magalasi awo.

"Tiye," anatero. "Ndikuperekeza."