Zovala za Pachingwe

Chisamukireni m'tauni muno, palibe amene anali atanditchulapo dzina kupatula abwana anga a kusitolo ya mankhwala. Ndinkakhala ndekha m'chipinda cha pamwamba, ine ndi ketulo basi. Kusungulumwa kumapweteka, wina asakunamizeni.

Loweruka m'mawa ndinkakhala pawindo ndi kakamera kanga kakale, n'kumajambula zovala zimene anthu a nyumba zapansi ayanika pachingwe. Eni akewo ndinkawaopa, koma zovala sizikufunsa kuti ukufuna chiyani. Ndinafika podziwa nyumba imene kwabadwa mwana, ndiponso imene malaya a bambo anasiya kuoneka. Zonsezi ndinkazidziwa popanda ndi mmodzi yemwe womupatsa moni.

Tsiku lina ndinaona chipepala pakhomo la laibulale: kagulu ka okonda kujambula kamakumana Loweruka masana, aliyense abwere ndi zithunzi zake. Kangapo konse ndinabwerera pakhomo. Mapeto ake ndinalimba mtima n'kulowa, envelopu ili m'khwapa.

Wapampando, bambo wina wadazi, anandikokera mpando. "Takulandirani, achemwali. Pano mlendo ndiye amayamba. Yalani patebulopa tione."

Ndinayala. Anzanga anabwera ndi zithunzi za maluwa ndi mbalame, ine za matewera, masokosi ndi mapitikoti a eni ake. Kenako mayi wina wachikulire, wa magalasi, anatola chithunzi chimodzi n'kuchiyandikiza kumaso.

"Diresi ili ndi langa. Chigambachi ndinasoka ndekha. Kodi inu ndinu a pawindo lapamwamba aja?"

Manyazi anandigwira. Ndinayamba kusonkhanitsa zithunzi zanga, ndikudziwa kuti pano ndiye ndadziphera ndekha, andithamangitsa ngati kazitape. Koma mayiwo anandigwira dzanja. Anali ataona china: malaya oyera aamuna, mphepo itawafufumitsa ngati muli munthu.

"Awa ndi a malemu bambo a kunyumba," anatero motsitsa mawu. "Ndinawachapa komaliza ndisanawapereke kwa alamu anga. Ndinkayesa kuti tsiku limenelo ndinali ndekha."

"Pepani, mayi. Ndiching'amba."

"Mung'ambe chiyani? Mundipatse ine." Anachiika m'chikwama mosamala, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Miyezi yonseyi inenso ndinkayang'ana windo lanulo, n'kumati kodi munthu uja kumwambako anamukhomerera ndi misomali? Loweruka ndikuchapa mashiti a pabedi. Mutsike mudzandigwirire mbali inayo, msanawu watha."

Wadazi uja anaseka n'kundithirira tiyi, ati mlendo wakhoza mayeso.

Loweruka lotsatira m'mawa sindinajambule chilichonse. Manja onse awiri anali atagwira shiti yonyowa, ndipo kumbali inayo mayi aja ankandifunsa dzina.