Buluzi m'kamphika ka uchi

Amuna anga a Pedaya anabwera kuchokera ku msika wa ku Sekemu ndi mtsuko pabulu, ataukulunga ndi mkanjo wawo ngati khanda. Unali wofiira, wa makutu awiri, wa mizere yoyera m'khosi. Ndinapukuta manja kuti ndiulandire. Iwo anandipitirira n'kukauimika pakhomo pa Atara, mkazi wawo wamng'ono.

Zaka makumi atatu ndinali nditawaperera balere bambo amenewa. Chimene anandigulirapo pa zaka zonsezo ndi kamphika kamodzi ka uchi, chaka chimene anandikwatira. Kanali kakang'ono, kokhota mlomo, koma ndinkakasunga pamwamba, posafikira ana.

"Achemwali, bwerani mudzaugwire," anandiitana Atara. "Suluma ayi."

"Ndinagwirapo mitsuko iwe usanamere mano," ndinamuyankha.

"Ngati uno?"

Ndinabwerera kukapera balere wanga. Mawa lake kunali phwando la kumeta nkhosa, ndipo vinyo wa alendo anayenera kutuluka mumtsuko umenewo, m'manja mwa Atara, mudzi wonse ukuona.

M'mawa mwake ndikusesa ndinapeza buluzi wakufa kuseri kwa mphero. Ndinaima ndi tsache m'manja. Kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa: buluzi, mbewa kapena bilimankhwe akafera m'chiwiya chamtengo, umachiviika m'madzi, pofika madzulo chayera. Akagwera m'chadothi, palibe kutsuka. Umachiphwanya, ndi zam'katimo umataya.

Ndinaganiza msanga, monga ndichitira nthawi zonse: buluziyu akalowe mumtsuko wa Atara. Kumugwira ndi dzanja sindikanatha, chifukwa wokhudza mtembo wa buluzi ndi wodetsedwa mpaka dzuwa kulowa. Ndikanakhala kuseri kwa khola tsiku lonse, mnzangayo akuvina ndi alendo. Ndinatola kamtengo. Pakamtengo buluzi sankakhazikika, komanso anthu anali balalabalala pabwalo. Panafunika chobisiramo. Ndinalowa m'nyumba mwanga, ndinatambasula dzanja pamwamba osayang'ana, ndinatenga chiwiya chimene chinali chopanda kanthu, ndinamukankhiramo n'kuphimba ndi kansanza. Mutu wonse unali pa mtsuko wa Atara.

Atara anali atapita kuchitsime. Ndinalowa kwake. Mtsuko unali pakona, wodzaza, koma pakamwa pake atatsekapo ndi chivundikiro n'kumata ndi dongo. Mtsikana uja ndi waulesi pa zonse, koma tsiku limenelo anamata ngati mmisiri. Ndinali ndikukanda dongolo ndi chikhadabo pamene ndinamva mapazi.

"Mwasowa chiyani, achemwali?"

Pakamwa panga panathamanga kuposa nzeru. "Ndakubweretsera uchi."

"Inu? Uchi? Mvula igwa lero!"

Anatula madzi ake, n'kuvundukula kansanza kaja osandifunsa. Kukuwa kwake nkhosa zinabalalika. A Pedaya anafika akuthamanga, lumo lometera m'manja, ubweya mpaka m'ndevu.

"Wafa ndani?"

Atara anayang'ana buluzi, anayang'ana dongo lokandika pa mtsuko wake, kenako anayang'ana ine. Anamvetsa zonse, ndinaona m'maso mwake. Ndinadikira kuti anene. Ndinali nditakonzeka kale kukangana, ndipo pa kukangana sanandipambanepo.

"Wagwera m'kamphika ka achemwali, bambo," anatero mofatsa. "Amadzandionetsa. Ndangodzidzimuka."

Bola akanandimenya mbama.

"Ndiye phokoso lonseli n'la buluzi?" anatero a Pedaya, akutembenukira kwa ine. "Mwamukhudza, amake Zabadi?"

"Ayi."

"Chabwino. Kaphwanyeni kamphikako kunja kwa mpanda, alendo asanafike."

Apo m'pamene ndinayang'ana chimene chinali m'manja mwanga. Mlomo wokhota uja.

"Ndi kaja munandigulira," ndinatero.

"Kati?"

"Ka uchi. Chaka chija."

Anakayang'ana, anakanda ndevu. "Ndinagula ndine? Kokhota chonchi? Ndiye anandibera." Anaseka n'kubwerera ku nkhosa zawo.

Ndinaganizapo zokabisa. Ndani akanadziwa? Koma mphika wodetsedwa sungausunge m'nyumba: madzi akadutsamo n'kudonthera pa chakudya, ana adya zodetsedwa osadziwa. Ndine wansanje, sindikana, koma m'nyumba mwanga simunadyedwepo chodetsedwa. Ndinapita kuseri kwa mpanda, ndinakaponya pamwala. Sikanalire n'komwe. Kanangoti phwa, ngati dzira.

Masana Atara anandiitana pamaso pa alendo. "Achemwali, thirani ndinu, ndinu aakulu. Ine manja anga amanjenjemera."

Ndinathira. Mtsuko uja umathira bwino, osadonthetsa ngakhale dontho, ndipo aliyense amene ndinamuthirira anafunsa kuti mwini wake ndani. Ndinayankha kakhumi ndi kawiri. Ndinawerenga.

A Pedaya anamwalira zaka zisanu zapitazo osandigulira china. Ine ndi Atara tikukhalabe bwalo limodzi, tonse a imvi tsopano. Za tsiku lija sanatchulepo, ngakhale tikayambana. Koma akamachoka pakhomo amamatabe mtsuko wake ndi dongo, ngakhale muli madzi okha, ndipo amamata ine ndikuona.