Tayala la m'mphepete

Galimoto inali ya achimwene ake. Iwo ndi amene ankakwera nayo mapiri pamodzi ndi anzawo, mpaka matenda opha ziwalo anawagwira mbali ya kumanja. Kuyambira pamenepo inangokhala m'shedi kuseri kwa nyumba, amphaka akugona pa boneti. Mlongo wawo, mzamba wa pachipatala cha m'tauni, ankabwera nthawi zina kudzailiza kuti batire isafe.

Tsiku lina ali pakhonde, achimwenewo ananena kuti gulu likupita kuphiri Loweruka ndipo iwo akufuna kupita nawo. Ankalankhula pang'onopang'ono, mawu akukakamira pakamwa. Mzamba anawakumbutsa kuti iye amangodziwa tala ndi kagalimoto kake kakang'ono. Iwo anati phiri silifunsa laisensi. Mzamba anaseka, ndipo sanakanenso.

Anakumana ndi gulu m'mawa pamalo omwetsera mafuta. Wotsogolera anali bambo wamfupi amene onse ankamutcha a Chipewa, chifukwa panalibe amene anaonapo mutu wawo uli pamtunda. Kumbuyo kwenikweni kunkayenda aphunzitsi ena opuma pantchito, amene galimoto yawo inali ndi makina okokera kutsogolo. Tala atatha anaima n'kuchotsako mpweya m'matayala kuti azigwira bwino miyala. A Chipewa anauza mzamba kuti ayende pakati, aziona mnzake wa kumbuyo pagalasi nthawi zonse, ndipo akasowa, aime.

Msewu unakwera pakati pa mitengo ya paini. Mzamba anali atagwira chiwongolero ngati akuopa kuti chithawa. Achimwene ake sanamulangize zambiri. Pofika pokwera ankangogogoda ndi dzanja lamanzere pa bondo lake kuti atsitse giya. Patapita nthawi mapewa ake anatsika, mpaka anayamba kuona maluwa achikasu amene anali m'mbali mwa njira.

Mvula inali itagwa mkati mwa sabata. Pamalo ena njira inapanikizika, kumtunda kuli thanthwe, kumunsi kuli chitsetse chotsikira ku kamtsinje. Galimoto zoyamba zinadutsa, koma zinafewetsa dothi la m'mphepete. Mzamba atafika pakati anamva kumbuyo kukutsika pang'onopang'ono ngati munthu akukhala pampando. Tayala la kumbuyo linali litalowa, ndipo galimoto inapendekera kumunsi, mbali imene kunali achimwene ake. Phazi lake linathamangira kukaponda moto.

"Usaponde," anatero achimwene. "Buleki. Koka ya pamanja. Basi."

Anachita zomwezo. Injini inkalira yokha. Pawindo la achimwene ake ankaona nsonga za mitengo m'malo mwa msewu.

A Chipewa anabwera wapansi, osathamanga, manja ali m'thumba. Anazungulira galimoto, nagwada kuona kunsi, kenako anafunsa mzamba ngati anadya m'mawa. Anati pasatuluke munthu mpaka aimange kaye. Anyamata a m'gululo anakwera thanthwe ndi lamba wamkulu, anamuzunguliza patsinde la mtengo wokhwima, mbali ina anakoleka pa chitsulo chokokera cha galimoto. Lambayo atalimba, mzamba anazimitsa injini n'kutuluka.

Kutulutsa achimwene ndi kumene kunavuta. Chitseko chawo chinali cha kuphompho, choncho anayenera kudutsa pa mpando wa dalaivala. Aphunzitsi analowa n'kuwagwira m'khwapa, a Chipewa anagwira miyendo. Anthu awa kale ankayenda pambuyo pa achimwenewo, akutsata matayala awo, ndipo mzamba anaona nkhope ya achimwene ake itauma. Aphunzitsi anadandaula kuti munthu wodwala sayenera kulemera chonchi, akazi a achimwenewo achepetseko mafuta m'ndiwo. Achimwene anayankha kuti vuto ndi msana wa aphunzitsi, unazolowera kunyamula choko. Anawakhazika pa mpando wopinda pamthunzi, kutali ndi zingwe, ndodo yawo ili pambali.

Ntchito inayenda mosafulumira. Ena anakumba matope kutsogolo kwa tayala ndi fosholo, ena anatola miyala yafulati n'kuiyala kuti tayala lipeze popondapo. Mzamba anatola nawo miyala, poti kuima chabe kunkamuwonjezera mantha. Aphunzitsi anasendeza galimoto yawo, anaika miyala kumatayala, ndipo anatambasula chingwe cha makina aja atavala magolovesi. Anachidutsitsa pa kagudumu kamene anamangirira pa mtengo wina kumtunda, kuti chikoke kumbuyo kwa galimoto kubwerera mumsewu. Pakati pa chingwe anayalapo bulangeti lolemera, kuti chikaduka chigwe pansi, chisakwapule munthu.

Zonse zitakonzeka panafunika wokhala pa chiwongolero. A Chipewa anati akhoza kulowa iwo, ndipo mzamba anali atatambasula kale dzanja kuti apereke kiyi.

"Galimotoyo inabwera ndi dalaivala wake," anatero achimwene ali pampando paja.

"Achimwene, ndikanakugwetserani kumtsinje."

"Sunandigwetse. Dothi ndi limene lagumuka. Lowa."

Mzamba anayang'ana a Chipewa. Iwo anati galimoto yamangidwa mbali ziwiri, ngakhale itafuna kupita kumunsi siingathe. Anamuuza kuti asamvere wina aliyense, ngakhale achimwene ake, aziona manja awo okha. Anthu onse anawasunthira kutali kuposa utali wa chingwe.

Analowa, namanga lamba, naliza injini. A Chipewa anaima kutsogolo pamalo okwera pomwe aphunzitsi ankawaonanso. Anakweza dzanja, makina anayamba kulira, chingwe chinaongoka n'kunyamula bulangeti lija. Galimoto inalira zitsulo. Dzanja linamuuza kuti apotoze pang'ono kumtunda, anapotoza. Linamuuza kuti amasule buleki ndi kuponda moto pang'ono chabe. Kenako linafumbata, onse anaima, anyamata anakokanso lamba wa pamtengo amene anali atakhwepa, anawonjezera mwala, n'kubwerera kutali. Anachita zimenezi kangapo. Mzamba anazindikira kuti akupuma motalika ngati mmene amauzira amayi obereka m'chipinda chochilira. Tayala linagwira mwala, linakwera, ndipo mpando unawongoka pansi pake.

Panalibe amene anakuwa. Aphunzitsi anaomba m'manja kawiri n'kuyamba kukulunga chingwe. A Chipewa anaona matayala ndi kunsi konse, anapeza kuti palibe chothyoka. Asananyamuke gulu lonse linadzaza miyala pamalo pogumukapo ndi kuzika nthambi m'mphepete kuti odutsa pambuyo aone. Wina anatulutsa fulasiki, anamwa tiyi ataimirira, matope ali m'mawondo.

Pamwamba anafika dzuwa litapendeka, ndipo anapeza nkhungu yokhayokha. Chigwa chimene achimwene ankachitama njira yonse sichinaoneke. Iwo anapempha kuti awatsitse, anaima atatsamira boneti, naloza ndi ndodo kumene kuli damu ndi kumene kuli njanji, ngati zikuoneka. Mzamba anavomera zonse. Mphepo inali yozizira, ndipo anawaveka jekete lake.

Potsika anadutsa njira ina yotakasuka. Mzamba anaika giya yotsika n'kusiya injini igwire galimoto, maso akupita pagalasi kuona nyali za aphunzitsi. Anafuna kufunsa ngati pokhota pamene pankabwera pamafunika kutsitsanso giya, koma atatembenuka anapeza achimwene ake atagona, mutu utatsamira pawindo, pakamwa pali pululu. Anachepetsa mawu a wailesi imene gulu linkalankhulirana, natsitsa giyayo yekha.