Malo a Hedra m'Galimoto ya ku Libya

Moni inu owerenga, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikuyamika Mulungu amene wandisunga mpaka lero kuti ndikusimbireni za alamu anga a Ghattas, dikoni wa mawu okoma m'tchalitchi chathu cha ku Akhmim.

"Apilo? Wapenga kodi, Hedra?" anatero a Ghattas, uku akulavulira makoko a mpendadzuwa pamkeka wa azakhali anga. "Ukadzipereke wekha ngati nkhosa ya pa Pasaka?"

Hedra ndi mwamuna wanga, mng'ono wawo, mphunzitsi wa masamu. Khoti linali litamugamula zaka zisanu ndi ziwiri chifukwa cha dzenje limene apolisi anapeza pansi pa nyumba yakale ya makolo awo. Adyera a kwathu amakumba pansi pa nyumba kufuna ziboliboli za mafumu akale, ndipo boma silisekerera zimenezo. Nyumbayo inalembedwa m'dzina la Hedra, koma makiyi ankasunga ndi a Ghattas, ndipo ndi iwo amene ankalowetsamo okumba. Pamlandu Hedra anatseka pakamwa, poti achimwene ake anamulonjeza atagwira mtanda kuti zithera pomwepo. Tsiku la chigamulo Hedra sanapite kukhoti, ndipo kuyambira pamenepo ankabisala kwa azakhaliwo.

Loya wathu, mayi Nabila, anatiuza mosabisa: khoti lalikulu la ku Kairo silimva apilo ya munthu wothawa. Adzipereke tsiku la mlandu lisanafike, apo ayi apiloyo yafa, ndipo dzina la mbava limukhalira mpaka kumanda. Koma apilo ikapambana, mlandu uyambiranso, ndipo okumba aja, amene woweruza woyamba anakana kuwamva, aitanidwa.

A Ghattas zonsezi ankazidziwa bwino.

"Ndakukonzera kale," anapitiriza. "Dalaivala Romani amapita ku Libya Lachisanu lililonse. Ndamuuza akusungire malo a kutsogolo, a pawindo. Kumeneko ntchito ndi mbwee. Ndi mkulu uti angachitire mng'ono wake zotere?"

"Alipo, alamu," ndinatero ndikuwathirira tiyi. "Abale ake a Yosefe. Nawonso anayamba ndi dzenje, kenako anamupezera ulendo."

"Mayi a Karas, pakamwa panupa! Ine ndikulankhula ndi mbale wanga."

"Lankhulani, koma makokowo muzilavulira m'mbale. Zimene mumataya amasesa ndi ena."

Ambuye andikhululukire, ndinawayang'ana munthu uja ndipo ndinaona kanthu kakang'ono kwambiri. Mimba ili kutsogolo, ndevu zopesa bwino, mphete ikuwala. Lamlungu lililonse amavala mkanjo woyera, n'kumawomba timbale tachitsulo tija totsogolera nyimbo, maso ali kumwamba ngati akuona angelo. Koma m'zikhadabo zawo ine ndinkangoona dothi.

Hedra anafunsa motsitsa mawu: "Achimwene, ndikapita ku Libya, mwana wanga Karas azimuti mwana wa yani kusukulu?"

"Aa, anthu amaiwala msanga!"

"Nanga Mulungu?"

A Ghattas anatsokomola, n'kufunsa ngati shuga analipo wina.

Lachisanu lija Romani anaimba hutala pamsewu mpaka anatopa. Ife tinali titakwera kale sitima, kupita kuti Hedra akadzipereke. Njira yonse Hedra ankang'ung'udza nyimbo ya sabata la masautso a Ambuye, ine ndikuvomera chamumtima, chifukwa ndikanatsegula pakamwa ndikanalira.

Pachipata cha ndende wapolisi wachikulire anatiyang'ana modabwa.

"Mwabwera nokha, aphunzitsi? Ndi miyendo yanu? Anzanu timachita kuwatulutsa kunsi kwa bedi!"

"Bedi lathu ndi lalifupi, bwana," anayankha Hedra, n'kutambasula manja.

Unyolo unakhala ndendende pa kamtanda kamene tonsefe a mpingo wathu timadindidwa padzanja tili ana. Wapolisiyo atakaona anaukwezako pang'ono unyolowo. Mulungu amukumbukire munthu ameneyo.

Miyezi imene inatsatira inali yowawa. Ndinkanyamula nyemba ndi buledi kupita kundende, ndipo Lamlungu ndinkaima kumbali ya amayi, n'kumamva a Ghattas akupempherera "mbale wathu amene ali m'maunyolo". Mawu ankachita kunjenjemera, amayi ena mpaka kupukuta misozi. Potuluka ankandigwira dzanja pamaso pa anthu.

"Limbani mtima, alamu. Ine usiku sindigona."

"Musamagone ndithu," ndinkawayankha. "Zikukuyenerani."

Kenaka mayi Nabila anaimba foni kuchokera ku Kairo, akuseka ngati mtsikana. Chigamulo chathetsedwa, mlandu uyambiranso, okumba awiri aitanidwa kudzachitira umboni. Ndinagwada pakhonde pomwepo, ufa uli m'manja, ndipo nkhaniyo inazungulira mudzi tiyi asanazizire.

Lamlungu lotsatira madikoni analowa pamzere monga mwa nthawi zonse, koma nyimbo inayamba mopanda chitsulo, ngati munthu woyenda opanda nsapato. Wansembe anacheuka kawiri. Titatuluka ndinapeza Romani atatsamira galimoto yake, akutafuna nzimbe.

"Mayi a Karas, musadandaule, malo a pawindo aja sanawonongeke," anatero. "Ndinawapereka kwa mwini wake, alamu anu aja, dzana. Koma munthu wamantha! Pamalo alionse a apolisi ankabisa mutu m'miyendo."

Ndinabwerera m'tchalitchi kukayatsa kandulo ya Hedra, amene anali kudikira tsiku lake m'khoti mutu uli chilili. Pabenchi ya madikoni panali mkanjo woyera wopinda mothamanga, ndipo pamwamba pake timbale tiwiri tija, kamodzi katavundikira kanzake, tili chete.

Inu amene mwandimvera mpaka pano, Ambuye akudalitseni ndi kukusungani. Akupatseni abale oona, ndipo tsiku limene mudzafunike kuyenda nokha kupita pachipata choopsa, alimbitse mawondo anu. Ameni.