Maso a Malume Panjira ya ku Dunhuang

Malume anga, a Shi Wanfu, anayamba kuyendetsa basi ya alendo pakati pa Zhangye ndi Dunhuang ine ndisanayambe sukulu. Ndi iwo amene anandipezera ntchito yotsogolera alendo pakampani yomweyo, ndipo ulendo ukatigwera limodzi mtima wanga unkakhala m'malo. Anali munthu wosathamanga, wosakonda hutala, wodziwa paliponse pamene mphepo imaunjika mchenga mumsewu.

Ulendo umenewu unali wa m'chilimwe. Tinanyamula azigogo opuma pantchito ochokera ku Fuzhou, anthu a kunyanja amene anali asanaonepo chipululu. Mmodzi mwa iwo, Mayi Qiu, anadzisankha okha kukhala mneneri wa gulu lonse. Chakudya chikachedwa, ndi iwo. Chipinda chikatentha, ndi iwo.

M'mawa wa tsiku lopita ku Dunhuang, alendo ali mkati moona linga lakale la ku Jiayuguan, ndinawatengera malume botolo lawo la tiyi. Anatambasula dzanja n'kugwira mphepo pambali pa botolo. Anaseka, n'kunena kuti sanagone bwino. Ine ndinasekanso, koma ndinakumbukira kuti dzulo lake ankangondiuza kuti ndiziwerenga zikwangwani mokweza, ati kuti ndiphunzire njira. Njira imene ndinali nditayendamo zaka zambiri.

Titalowa mumsewu waukulu ndinakhala pampando wanga wakutsogolo, maiki ili m'manja, ndikufotokoza za amalonda akale amene ankadutsa m'menemo ndi ngamila zosenza nsalu za silika. Pakamwa pankayenda pokha, maso ali pa malume. Anapeza lole yofiira n'kuimamatira kumbuyo. Lole ikachepetsa liwiro, iwonso. Ikakhotera pang'ono, iwonso. Msewu unali wopanda kanthu, koma sanaipitirire. Mayi Qiu anafuula kuchokera pakati kuti kodi talipira basi kapena ngolo.

Chakufupi ndi Yumen lole ija inapatuka. Kutsogolo kunangotsala msewu wotuwa, miyala yotuwa ndi thambo lotuwa. Basi inayamba kutsetserekera kumanja mpaka matayala analira pamizere ya m'mphepete. Malume anaibweza msanga n'kunena kuti ndi mphepo. Ndinayang'ana makina a magetsi a mphepo amene ali mbwee m'dera limenelo. Mapiko ake ankazungulira mwaulesi.

Ndinazimitsa maiki n'kuwayankhula m'chinenero chathu cha kuno, chimene anthu a ku Fuzhou sachimva.

"Amalume, chikwangwani chikubweracho chalembedwa chiyani?"

"Sukulu unapita ndiwe, Lanzhi. Ukufuna ndikuwerengere ine?"

"Ndikufuna mundiwerengere."

"Yankhula ndi alendo ako. Ntchito yanga isiye."

Chikwangwanicho chinali chachikulu ngati khoma la nyumba. Anachiyang'ana atatsinzinira maso, ndipo tinachidutsa asanachiwerenge. Kumbuyo azigogo anayamba kuimba nyimbo za ubwana wawo, wina akuomba m'manja mosemphana ndi anzake.

Ku Guazhou tinasiya msewu waukulu n'kulowa wakale, kumene kuli misasa ya ogulitsa mavwende. Alendo anatsika n'kuyamba kulawa. Ine ndinazemba kuseri kwa msasa n'kuimbira akazi a malume, amene ndimawatcha azakhali. Sindinazungulire. Ndinawafunsa ngati maso a amuna awo ali bwino.

Anayamba kulira motsitsa mawu. Anati ndi ng'ala, maso onse awiri, lamanzere ndiye loipitsitsa. Zinayamba m'nyengo yozizira, atapimidwa kale kuntchito. M'mawa ndi madzulo amaonako, koma dzuwa likakwera zonse zimangoyera ngati utsi. Dokotala ananena kuti apite ku opaleshoni msanga, malume n'kukana, ati adikire nyengo ya alendo ithe, poopa kuti basi ikapatsidwa wina sidzabwereranso.

"Usawachititse manyazi pagulu, mwana wanga," anatero azakhali. "Ndiwe wekha amene angakumvere."

Malume sanandimvere. Ndinawapeza akupukuta galasi lakutsogolo, limene linali loyera kale. Ndinawauza kuti ndadziwa zonse, ndipo tidikire pompo dalaivala wina abwere. Nkhope yawo inada. Anandikumbutsa amene anandiberekera kuchipatala pamene ndinathyoka mwendo, ndi amene anakandipempherera ntchito. Anati msewu wa ku Dunhuang angauyende ndi nsalu kumaso.

"Ndiimbira abwana," ndinatero.

"Imba. Uwauzenso kuti mlongo wa mayi ako wasanduka wakhungu."

Ndinaimba. Foni ya abwana inalira mpaka kuduka. Ya ku ofesi inayankhidwa ndi munthu amene anati onse apita kukadya, ndiyesenso nthawi ina. Pamene ndinkabwerera, injini inali italira kale, alendo atakhala m'mipando, mavwende ali pamiyendo. Mayi Qiu ankagogoda zenera ndi chala, akuloza wotchi, chifukwa matikiti athu olowera m'mapanga a zithunzi zakale a ku Dunhuang amakhala ndi nthawi yake. Basi inayamba kuyenda chitseko chili chotsegula. Ndinalumphiramo.

Sindinakhalenso pampando. Ndinakhala pa sitepe pafupi ndi malume, n'kuwauza kuti ayende pang'onopang'ono, ndipo chilichonse chimene ndione ndiziwauza. Ndinayamba: galimoto yoyera ikubwera, mchenga kumanja, khotani pang'ono, dzenje. Ankachita zimene ndanena osatembenuka. Bambo wina wachikulire anafunsa chifukwa chake mtsikana wa nkhani wasiya kufotokoza. Ndinayankha kuti kukhosi kwauma. Anandipatsira chidutswa cha vwende, ndipo ndinangochigwira m'manja madzi ake akutsikira m'chigongono.

Dzuwa linali pamutu. Phula linkanyezimira ngati pathiridwa madzi, moti ngakhale ine wa maso abwino ndinkavutika kusiyanitsa chinthu ndi mthunzi wake. Foni ndinkaiyesa mobwerezabwereza ndi dzanja limodzi. Ndinkawerenga m'mutu midzi imene yatsala, koma pakati pa Guazhou ndi Dunhuang midzi ndi yochepa, ndipo malo ambiri ndi miyala yokhayokha.

Ndinawerama kamphindi kuona ngati abwana ayankha uthenga umene ndinawatumizira. Nditadzutsa mutu, kutsogolo kunali njinga yamoto ya matayala atatu, itafera theka mumsewu theka kunja, yodzaza mavwende okutidwa ndi chinsalu chotuwa ngati mchenga. Pambali pake panali mayi atagwada, akuyang'ana pansi pa injini. Malume sanachepetse liwiro.

"Kumanzere! Pali munthu!"

Anapotoza chiwongolero. Basi inapendekera, mavwende a alendo anagubuduka m'kanjira, wina anakuwa. Ndinamva chinthu chikukhula m'mbali mwa basi. Nditasuzumira pazenera ndinaona chinsalu chija chikuuluka, mavwende angapo ataphulika mumsewu, ndipo mayi uja ataimirira, manja ali kumutu. Anali wamoyo, wosavulala. Panangotsala pang'ono.

Malume anaimitsa basi patsogolo pang'ono. Anazimitsa injini. Kenako anafunsa motsitsa kwambiri ngati anali munthu wamkulu kapena mwana. Ndinati ndi mayi, ndipo waimirira.

"Sindinamuone," anatero. "Ndinaona mulu wa mchenga."

Anatsika n'kuyenda wapansi kubwerera kwa mayi uja. Ndinawaona patali akuwerama pamaso pake kangapo, iye akuwakalipira ndi manja onse awiri. Anamuthandiza kukankhira njinga ija kunja kwa msewu. Atabwerako anatsegula chitseko cha injini kumbuyo kwa basi, n'kulengeza kwa alendo kuti injini yatentha ndipo siyendanso. Bambo uja amene anandipatsa vwende, amene kale ankagwira ntchito ya makina, anasuzumira n'kunena kuti sakuona vuto. Malume anamuyang'ana, iye anayang'ana malume, kenako anabwerera kwa anzake n'kuwauza kuti inde, yatentha kwambiri.

Abwana anayankha pomaliza, ndipo malume anandilanda foni. Ndinamva akunena kuti asatumize makaniko, atumize dalaivala. Zina zonse anakanenera patali.

Tinadikira nthawi yaitali. Mthunzi unali wa basi yokhayo, ndipo azigogo anandanda m'menemo ngati ana a sukulu. Ndinkayenda pakati pawo ndi madzi, ndikuyang'ana nkhope zofiira, ndikuopa kuti wina akomoka. Gogo wina wamkazi anayamba kupuma mofulumira, ndipo tinamugoneka n'kumuika nsalu yonyowa pakhosi mpaka anakhala bwino. Mayi Qiu anandiuza kangapo kuti akalemba dandaulo, ndipo dzina langa alidziwa. Ndinkangoti pepani amayi. Malume anakhala okha pamwala kutsidya kwa msewu, padzuwa, chipewa chili pabondo.

Dalaivala wina anafika ndi galimoto ya kampani dzuwa litapendeka. Nthawi ya matikiti inali itadutsa kale. Malume anakwera pomalizira n'kukakhala pampando wakumbuyo kwenikweni, pakati pa zikwama. Pamene mitengo yoyamba ya ku Dunhuang inaonekera, ndi minda ya mphesa, ndi madzi akuyenda m'ngalande, alendo anaomba m'manja. Ine ndinatenga maiki kuti ndinene mawu olandira alendo amene ndimanena nthawi zonse, koma ndinangotchula nthawi ya chakudya chamadzulo.

Kumapanga tinalowa mawa lake, ofesi itavutika kusintha matikiti. Dandaulo la Mayi Qiu linafikadi, ndipo ndinaitanidwa kukafotokoza. Malume anachitidwa opaleshoni ku Jiuquan mwezi wotsatira. Diso lamanja linayera bwinobwino, lamanzere pang'ono chabe. Kampani sinawabwezere basi, ndipo iwo sanapemphe. Panopa amathandiza mlamu wawo m'munda wa mphesa.

Malume anakhala miyezi osandiyankhula. Ndikapita kwawo ankatuluka kukaona mbuzi. Azakhali ankati ndisadandaule, si mkwiyo, ndi manyazi. Pa chaka chatsopano, tonse tili patebulo, malume anandifunsa mwadzidzidzi kuti masiku ano ndikuyenda ndi dalaivala uti. Nditamutchula anapukusa mutu.

"Ameneyo amathamanga pa Yumen," anatero. "Uzimuuza achepetse."