Parolo ya a Gervazio

A Gervazio, telala wa pakhonde la sitolo ina ku Limbe, anawakaniza viza ya ku America. Mwana wawo Hannah, namwino kumeneko, ankafunika impso, ndipo magazi atayezedwa zinaoneka kuti ya bambo ake ingamuyenere. Loya wa Hannah ndiye anapeza njira ina yotchedwa parolo.

"Si viza ayi, ababa," Hannah anafotokoza pafoni. "Akukulolani kulowa kwakanthawi chifukwa cha matenda angawa. Nthawi ikatha muzibwerera. Pamalamulo awo ndiye kuti simunalandiridwe m'dzikomo, angokutsegulirani chitseko."

"Ndilowe koma ndisanalowe?"

"Eya."

"Ngati mkamwini wosamaliza malowolo," anatero a Gervazio, nakhutira.

Akazi awo, a Zione, anakalengeza ku limana, gulu lawo la mapemphero la ku Chitawira, kuti bambo akunyumba apatsidwa parolo. Anthu anaomba m'manja. Koma mayi Constance, mmodzi wa a m'limanamo, atafika kwawo anafunsa tanthauzo la parolo kwa amuna awo, a Pearson, omwe anapuma ntchito yoyang'anira akaidi. A Pearson anati parolo amapatsa mkaidi wakhalidwe labwino kuti atuluke asanamalize chilango.

Loweruka pakhomo pa a Gervazio panadzaza. Wina anabwera ndi shuga, wina sopo, wina bulangete latsopano. Akatekisiti anapemphera motalika, kuthokoza Mulungu amene anamasula Paulo ndi Sila. A Gervazio ankavomera ameni mwamphamvu kuposa aliyense, poganiza kuti ndi pemphero la ulendo.

Pemphero litatha a Pearson anawakokera kuseri kwa bafa.

"Achimwene, munali ya Chichiri kapena ya Zomba? Inetu nkhope siindiphonya, koma yanuyi sindikuikumbukira."

"Ya chiyani?"

"Ndende. Musachite manyazi, mumakhalanso anthu abwinobwino m'menemo."

A Gervazio anayang'ana bafa, nayang'ana a Pearson.

"Inu, m'mawa uliwonse timakwerera limodzi minibasi pa siteji. Ndinamangidwa nthawi yanji?"

"Alipo ena amawalola kukagwira ntchito kunja masana," anayankha a Pearson mwachifundo.

Zinatengera kumuimbira Hannah, foni ili pa sipika pakati pa khamu lonse, kuti anthu amvetse kuti parolo iyi ndi yolowera m'dziko, osati yotulukira m'ndende. Ena anaseka mpaka kukhala pansi. Ena anaoneka okhumudwa pang'ono, popeza anali atagwirizana kale kuti mlandu wawo unali wozembetsa nsalu za eni. Mwini bulangete anafunsa mwaulemu ngati angalitenge, koma a Zione anali atalipinda kale m'sutikesi.

"Kumeneko kumazizira kuposa kundende," anatero a Zione.

Opaleshoni inayenda bwino ndipo Hannah anachira. A Gervazio anatsika pa Chileka chilolezo chawo chisanathe, atanenepa masaya, akudandaula kuti anthu akumeneko ukawapatsa moni m'basi amasuntha mpando.