Magazi a Kaputeni Pearson

Achimwene anga a Ignatius ali ndi matenda amodzi okha, ndipo si shuga. Matenda awo ndi dzina lathu. Munthu akangowafunsa kuti, "Bambo ndani?" basi wadziputira yekha.

"Pearson," amatero, chala chili m'mwamba ngati mlaliki. "Tanthauzo lake ndi mwana wa Piers, ndipo Piers ndiye Petulo, thanthwe lija la m'Baibulo. Ku Mangalande, makamaka chakumpoto, a Pearson ndi mbwee, ngati a Banda kuno."

Mpaka pamenepa sanama, anachita kuwerenga. Bodza limayambira pa Kaputeni. Akuti agogo athu anali mzungu, Kaputeni Pearson, amene ankayendetsa sitima yapamadzi mu Shire, ndipo atafika pa Chiromo anakopeka ndi agogo athu aakazi.

Ine Idah, mlongo wawo wa bere limodzi, ndikudziwa kuti Pearson linali dzina loyamba la bambo athu. Titapita kukayamba sukulu ku Nsanje, aphunzitsi anatenga dzina la bambo n'kulisandutsa la banja, monga ankachitira ndi mwana aliyense. M'kalasi mwathu munali a Wilson, a Jackson ndi a Watson, tonse osavala nsapato. Koma munthu akamanga nyumba ku Namiwawa, ya mpanda ndi mlonda pageti, amafunanso agogo oyenerana ndi mpandawo. Ndinkangowaleka, poti Kaputeni wawoyo sankadya cha munthu.

Mwana wawo wamkazi, Tamara, ndinamulera ndine mayi ake atamwalira, ndipo ndimamukonda kuposa ana anga ena obereka ndekha. Tsiku lina anabwera kwathu ku Kanjedza, nkhope ikuwala.

"Azakhali, ndapeza munthu. Koma musaseke. Dzina lake ndi Marvin Pearson."

Ndinaseka mpaka misozi. Kenako ndinamufunsa zimene azakhali amafunsa. Mnyamatayo kwawo ndi ku Chirimba, makolo ake ndi a konkuno kuyambira kalekale, ndipo ku Nsanje sanapondeko. Panalibe chibale ngakhale cha nkhuku.

Achimwene atamva anasangalala mosaneneka. Anaitana a kuchimunawo kuti adzadye chamasana Loweruka, tidziwane chinkhoswe chisanachitike.

Anabwera atatu: Marvin, bambo ake a Godfrey, ndi malume ake a Ackim, mkulu wa mpingo amene anali woti adzakhala nkhoswe. A Godfrey ndi munthu wochepa thupi, kalaliki wopuma ntchito ku Limbe. Anali atatsika minibasi kumsewu n'kuyenda wapansi, ndipo nsapato zawo zinali mbuu. Ndinawaona akuyang'ana matailosi, akuyang'ana nsapato, kenako n'kukhala m'mphepete mwa sofa ngati akudikira dokotala. Ndinawamvera chisoni.

Tisanapemphere n'komwe, achimwene anali atayamba kale. Piers anadutsa, Petulo anadutsa, sitima inafika pa Chiromo.

"Kaputeni Pearson?" anatero a Godfrey mwadzidzidzi. "Wa sitima uja?"

Achimwene anaima. "Mumamudziwa?"

"Kumudziwa? Amenewo ndi agogo anga!"

Ndikanakonda mukanaona nkhope ya achimwene. Munthu anamuumba okha ndi pakamwa pawo, lero akupezeka kuti ali ndi zidzukulu zina ku Chirimba. Koma kwa zaka zonsezi anali asanapezepo mboni, ndipo mboni inali itadzibweretsa yokha. Anadzuka manja ali tambasu.

"My brother!"

"Chibale ndi fupa, sichiola," anatero a Godfrey, atakhazikika bwino tsopano pakati pa sofa.

Zitatero anayamba kupatsirana Kaputeni ngati mpira. Achimwene anati anali ndi ndevu zofiira. A Godfrey anavomera, n'kuwonjezera kaliwo. Achimwene anati anapha mvuu ndi chipolopolo chimodzi. A Godfrey anati zinali mvuu ziwiri zitaima mondondozana. Anatinso atatopa ndi udzudzu wa ku Chiromo anakwera kuno ku Blantyre n'kukwatira agogo awo, ukwati wa mu tchalitchi. Apa achimwene anatsokomola pang'ono, koma anaumeza.

"Dadi," anatero Marvin, "nkhani imeneyi yayamba liti?"

"Khala chete, akulu akuyankhula."

A Ackim anaika tambula yawo patebulo pang'onopang'ono.

"Ndimve bwino. Inu awiri agogo anu ndi mmodzi?"

"Mmodzi!" anayankhira limodzi.

"Ndiye kuti ndinu munthu ndi mphwake, ndipo ana awa ndi munthu ndi mlongo wake. Chikanakhala chisuweni bwenzi tikukambirana. Koma magazi a kuchimuna mbali zonse ziwiri? Ine sindingaimire ukwati wotere, ndipo mpingo sungaulengeze. Marvin, tenga jekete."

Kaya ankakhulupiriradi, kaya ankafuna kuwakhaulitsa, sindikudziwa mpaka lero. Koma a Ackim si munthu wobweza mawu, ndipo anali ataimirira kale.

Tamara anali pakhomo la kukhitchini, thileyi ya mpunga ili m'manja. Sanalire mokweza. Anangoyang'ana bambo ake, misozi ikutsikira m'chibwano. Mtima wanga unawira. Amuna awiri akuluakulu, a imvi zawo, kupha ukwati wa ana chifukwa cha mzungu woti ngakhale manda alibe! Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule zonse, koma ndinadzigwira. Ndikananena ine, achimwene akanakana, a Godfrey akanawaikira kumbuyo, ndipo ine ndikanasanduka mayi wansanje wa ku Kanjedza. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ndinayang'ana a Godfrey. Iwo anali kuyang'ana kudenga. Munthu amene walowa m'nyumba ya eni ndi nsapato za fumbi, n'kupezamo agogo achizungu, sangawataye msanga.

"A Ackim, takhalani pansi," anatero achimwene. Mawu awo anali atachepa. Anamasula tayi, n'kuyankhula ndi lilime la kwathu lenileni, lija analisiya pa depoti ya basi tsiku limene anafika m'tauni muno.

"Ine ndine wa Malunga, ndiwo mtupo wathu, mfunda wa makolo athu. Bambo anga anali a Pearson Mafambisa. Ankawolotsa anthu pa bwato, ndipo dzinalo anawapatsa ndi abusa powabatiza. Abambo awo anali msodzi, wakuda kuposa ine. M'banja mwathu simunalowepo mzungu, ngakhale wodzapempha madzi akumwa. Funsani mlongo wangayu."

"Ndi zoona," ndinatero, ndipo ndinadabwa kuti inenso ndikulira.

A Ackim anakhala pansi. "Ndiye palibe chibale?"

"Palibe."

Tonse tinatembenukira kwa a Godfrey, kudikira kuti nawonso atule katundu wawo. Iwo anapinda mwendo pamwamba pa unzake, n'kupukusa mutu mwachifundo.

"Ndinakayika ine," anatero. "Mutanena za mvuu imodzi, ndinadziwa kuti munthuyu nkhaniyi anangoimva kwa ena. Koma musadandaule, bambo. Ambiri amatero, dzinali ndi lokoma."

Ndinaona mtsempha ukutukuka pakhosi pa achimwene. Ndevu zija anamumeretsa Kaputeni ndi iwo, sitima ija anamugulira ndi iwo. Mawu awiri okha akanakwana kuwavula a Godfrey pamaso pa mwana wawo ndi mlamu wawo. Koma munthu amene wachititsidwa manyazi m'nyumba mwako sabweranso kudzakupempha mwana. Achimwene anayang'ana Tamara, amene anali ataika thileyi pansi n'kuima pafupi ndi Marvin.

"Ife a Pearson sitisankha," anapitiriza a Godfrey. "Mwana wanuyu timulandira ndi manja awiri. Ndipo mwayi wake, tsopano akhala Pearson weniweni."

Achimwene anawerama pang'ono, n'kuwomba m'manja mwaulemu monga ankachitira bambo athu akalandira mlendo padoko.

"Zikomo kwambiri, bambo," anatero. "Mundisungire bwino. Ndi yekhayu amene ndili naye."